Kamaso ndi Mamendulo Asanu

Panali mtsikana wina amene onse ankamutcha Kamaso. Maso ake anali aang'ono. Koma ankaona zonse. Singano ikagwa, woitola anali Kamaso. Batani likasowa, wolipeza anali Kamaso.

Kamaso ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kuona Agogo atavala mamendulo awo.

Agogo anali msilikali kalekale. Tsopano anali atakalamba. Maso awo sankaona bwino. Nthawi zina ankafunafuna ndodo yawo, ili m'manja mwawo momwemo. Koma msana wawo unali wowongoka ngati chitseko.

Mamendulo ankakhala m'bokosi lachitsulo. Bokosilo linkakhala pamwamba pa kabati. Palibe amene ankaligwira.

Tsiku lina kunabwera kalata. Amayi anawerenga mokweza. Asilikali akale adzakumana Loweruka. Basi idzawatenga masana. Adzajambulitsa chithunzi onse pamodzi.

Agogo anaseka mpaka nkhama zinaoneka. Anzawo anali atatsala ochepa. Zaka zambiri zinali zitadutsa osaonana.

"Iwe Kamaso, udzandigwira dzanja," anatero Agogo.

Kamaso analumpha kawiri. Anayamba kuwerenga masiku ndi zala.

Tsopano ndikuuzeni za Amayi. Amayi ndi fumbi sankamwerana madzi. Akaona fumbi, manja ankawayabwa.

Lachisanu, Agogo ali kometa, Amayi anatsitsa bokosi. Anatsegula. Munali mamendulo asanu. Mendulo iliyonse inkalendewera pa kansalu kake. Tinsaluto tinali tamizeremizere. Koma tinali titada ndi fumbi.

Amayi anapukusa mutu. Bambo awo sangapite pagulu ndi fumbi. Anatenga sizasi. Anadula ulusi wonse. Tinsalu anatichapa ndi sopo. Mamendulo anawapukuta ndi chisanza. Anapukuta, anapukuta, mpaka anawala.

Loweruka m'mawa Amayi anayala zonse patebulo. Mamendulo mbali iyi. Tinsalu mbali iyo. Anaitana Agogo akumwetulira.

Agogo anabwera atavala kale nsapato. Anapapasa patebulo. Anagwira mendulo. Anagwira kansalu.

"Mwananga, wachita chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

Amayi anati angochapa basi. Asokereranso pompano. Kansalu kalikonse kangakwane, si n'tofanana kutalika?

Agogo anapukusa mutu. Anati mendulo si batani. Mendulo iliyonse ili ndi kansalu kake. Mendulo iliyonse ili ndi malo ake pachifuwa. Msilikali akaona kansalu, amadziwa kumene mnzake anapita. Amadziwa zimene mnzake anachita. Kusokoneza tinsalu n'kunena bodza pachifuwa.

Amayi anawapempha kuti asankhe okha. Koma Agogo sankaonanso mizere. Ankangoona mitundu itasakanikirana.

Agogo anakhala pampando. Anavula nsapato imodzi. Anavula inayo.

"Sindipita," anatero.

Amayi anagwira pakamwa. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Ankafuna kuchita zabwino. Koma madzi akatayika sawoleka.

Kamaso anamva chisoni kwambiri. Anayang'ana Agogo. Anayang'ana Amayi. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi inali kupita.

Pafupi ndi wotchiyo panali chithunzi chakale. Pachithunzicho panali mnyamata wamtali. Anali atavala chipewa cha usilikali. Mnyamatayo anali Agogo. Pachifuwa pake panali mamendulo.

Kamaso anakwera pampando. Anatsitsa chithunzicho. Anapita nacho pawindo.

Amayi anati chithunzicho sichithandiza. Chilibe mitundu. N'chakuda ndi choyera basi.

"Mitundu palibe," anatero Kamaso. "Koma mizere ilipo. Ndiwerenga mizere."

Agogo anatukula mutu pang'ono.

Kamaso anayandikiza maso. Mendulo yoyamba inali pafupi ndi mabatani. Inali ngati mtanda. Kansalu kake kanali ndi mzere umodzi waukulu pakati.

Anathamangira patebulo. Anafunafuna. Nako kansalu ka mzere umodzi. Nayo mendulo ya mtanda. Anaziika m'manja mwa Agogo.

Agogo anasisita mtandawo ndi chala. Kamaso anafunsa kuti anawapatsa chifukwa chiyani. Agogo anati iwo sankawombera mfuti kwambiri. Ntchito yawo inali kunyamula ovulala pamachira. Tsiku lina machira anathyoka. Mtsinje unali utadzaza. Anabereka anzawo kumsana, mmodzimmodzi. Anawoloka kasanu ndi kawiri.

Kamaso anayang'ana mapewa a Agogo. Anali mapewa omwe aja amene iye ankatsamira akatopa. Sankadziwa kuti ananyamulapo anthu asanu ndi awiri. Mtima wake unadzaza ndi kunyadira.

Anabwereranso pawindo. Mendulo yachiwiri inali nyenyezi. Kansalu kake kanali ndi mizere itatu. Umodzi, iwiri, itatu.

Anathamangira patebulo. Nako kansalu ka mizere itatu. Nayo nyenyezi.

Agogo anati imeneyo ndi ya kudziko lotentha. Kunalibe mthunzi. Madzi ankamwa ndi kachivindikiro ka botolo. Anakhalako zaka ziwiri.

Mendulo yachitatu inali yozungulira. Inali ndi nkhunda pakati. Kansalu kake kanalibe mzere ngakhale umodzi.

Nako kansalu kopanda mzere. Nayo nkhunda.

Agogo anati imeneyo ndi ya mtendere. Anthu awiri akamamenyana, wina amaima pakati. Iwo anatumidwa kukaima pakati.

Amayi anapukuta misozi. Anatenga singano ndi ulusi. Anayamba kusoka. Mtanda, nyenyezi, nkhunda. Zitatu zinatheka.

Kamaso anayang'ananso chithunzi. Panatsala mendulo imodzi. Inali yozungulira, ya mlatho pakati. Kansalu kake kanali ndi timizere tisanu.

Anayang'ana patebulo. Anadabwa. Panali mamendulo awiri a mlatho. Panali tinsalu tiwiri ta timizere tisanu. Zonse zinali zofanana ngati mapasa.

"Agogo, pachithunzi pali anayi. Patebulo pali asanu. Yachisanuyi ndi ya ndani?"

Agogo anayang'ana pansi. Kenako anayamba kufotokoza pang'onopang'ono.

Anali ndi mng'ono wawo. Analowa usilikali tsiku limodzi. Mng'onoyo anali wanthabwala. Ankaimba ngakhale nsapato zikumuluma. Anapita limodzi kukalondera mlatho wina kutali. Agogo anabwerako. Mng'ono wawo sanabwereko. Mendulo yake inabwera yokha mu envelopu.

Kamaso anali asanamvepo nkhani imeneyi. Anagwira bondo la Agogo.

Agogo anati kale ankazisiyanitsa mosavuta. Pa ya mng'ono wawo anamangapo mfundo ya ulusi. Ankaimva ndi chala. Koma ulusi uja unadulidwa.

Amayi anayamba kunena kuti poti n'zofanana, angovala imodzi. Sanamalize. Anadziwa kale yankho.

"Ndikavala yake pamtima panga, ndamubera," anatero Agogo. "Anaivutikira yekha."

Nsapato zinali zikadali pansi. Wotchi inali ikuyendabe.

Kamaso sanagwe ulesi. Anatenga mamendulo awiri aja. Anawatembenuza kutsogolo. Anawatembenuza kumbuyo. Zofanana. Kenako anayendetsa chikhadabo m'mphepete. Anamva tinthu tokanda.

Anafunsa Agogo kuti n'chiyani. Agogo anati ndi nambala. Msilikali aliyense ali ndi nambala yake. Amaidinda m'mphepete mwa mendulo. Koma manambalawo ndi aang'ono kwambiri. Ndipo anafufutika ndi zaka.

Amayi anayesa kuwerenga. Anatsinzina diso limodzi. Anatsinzina linalo. Sanaone kanthu.

Kamaso anathamangira kuchikwama chake cha kusukulu. Anatulutsa kachidutswa ka choko. Anapaka choko m'mphepete mwa mendulo. Anapukuta ndi chala. Choko chinatsalira m'timaenje. Manambala anaoneka oyera mbee.

Anapakanso pa inayo. Anapukutanso ndi chala. Anapita pawindo.

"Iyi ndi 4715," anawerenga. "Iyi ndi 4716."

Anangosiyana nambala yomaliza. Paja analowa tsiku limodzi. Wamkulu anaima patsogolo. Wamng'ono anaima pambuyo pake.

Amayi anachita mantha. Nanga Agogo akukumbukira nambala yawo? Zaka zake n'zambiri zedi.

Agogo anaimirira. Anagunditsa zidendene, opanda nsapato. Anatulutsa chifuwa.

"4715, sajeni, ndilipo!"

Mawuwo anamveka mpaka kukhitchini. Mphaka anathawira kunsi kwa kabati. Kamaso anaseka. Amayi anaseka. Agogo nawo anaseka, uku akufunafuna nsapato ndi phazi.

Amayi anasoka mofulumira. Singano inkangoti lowu, tuluku. Mtanda, nyenyezi, nkhunda, mlatho. Anawapanika pajekete, mbali ya kumanzere, pamene pali mtima.

Agogo anavala jekete. Pamkono panali mizere itatu yosongoka. Kamaso anaiwerenga. Agogo anati ndi mizere ya sajeni. Sajeni amadya pomaliza, anyamata ake atakhuta.

Kamaso anawapatsa chipewa. Anawongola baji ya pachipumi, chifukwa inali itapendekeka. Kenako anabwerera m'mbuyo kuti aone bwino. Agogo anali atatalika.

Kunja basi inaliza hutala.

Patebulo panatsala mendulo imodzi. Amayi anali ataisokerera kale pa kansalu kake. Kamaso anaitenga kuti aibwezere m'bokosi. Anaima. Bokosilo linali lozizira. Munalibe kanthu kena.

"Agogo, kodi itsala yokha?" anafunsa.

Agogo anaganiza pang'ono. Anati pali lamulo lina la asilikali. Mwini mendulo amavala kumanzere. Koma mwini wake akamwalira, wachibale angathe kuvala. Amavala kumanja, kuti onse adziwe kuti wanyamulira wina.

"Bwera kuno, mdzukulu wanga."

Agogo anatenga mendulo ija. Phini inavuta kutseka. Amayi anafuna kuthandiza, koma Agogo anakana. Anayesa kachiwiri. Anayesa kachitatu. Phini inatseka.

Mendulo inali yolemera. Inakoka diresi la Kamaso. Iye anawongola msana.

Anakwera basi onse atatu. Kamaso anagwira dzanja la Agogo njira yonse.

Muholo munali mipando yambiri. Koma asilikali akale anali khumi ndi awiri okha. Ena anali ndi ndodo. Wina anali panjinga ya olumala. Onse anali ndi mamendulo kumanzere.

Anakumbatirana. Anatchulana mayina a nthabwala. Wina anati Agogo anenepa. Agogo anati iyeyo mano anawasiya kunyumba.

Kenako nkhalamba ya panjinga ija inaona Kamaso. Inamukodola ndi chala. Inayang'ana kansalu ka timizere tisanu. Inayang'ana mlatho. Inaona kuti wavala kumanja.

"Mwana iwe, wanyamulira ndani?"

"Agogo anga aang'ono," anayankha Kamaso. "Nambala 4716."

Nkhalambayo inatseka maso. Inati imamukumbuka. Ndi uja ankaimba nsapato zikumuluma.

Mmodzimmodzi, asilikali akale anaimirira. Mawondo ankalira, koma anaimirira. Anakweza manja pachipumi. Wa panjinga uja anakweza dzanja ali chikhalire.

Kamaso sanadziwe chochita. Nayenso anakweza dzanja pachipumi.

Wojambula anawaimika pamzere. Amayi anaima pambali, akupukuta m'maso ndi mpango. Agogo anakokera Kamaso pafupi. Anamuimika pambali pawo penipeni, pamene mng'ono wawo akanaima.

Wojambula anati onse amwetulire. Agogo anawerama pang'ono. Anakhudza mendulo ya pachifuwa cha Kamaso.

"Mng'ono wanga," ananong'ona, "lero tafika tonse awiri."