Makontena a ku Varna Akhale Pamwamba

Ndinkakulunga nyama m'masamba a kabichi, manja ali mafuta okhaokha, pamene Sorina analowa atavalabe jekete lake la kudoko. Masanasana! Mwana wanga saweruka nthawi imeneyo.

"Siyani, amayi. Lamulungu kulibe mlendo."

"Wati chiyani? Nanga kabichi yenseyu ndikukulungira ndani?"

Anangodziponya pampando, foni ili m'manja.

Mlendoyo anali Silviu, wachiwiri kwa kaputeni pa sitima ya makontena imene imachoka kuno ku Constanta kupita ku Varna, kenako Istanbul, n'kubwerera. Amati abwera kudzafunsira ukwati.

Anakumana kuntchito. Sorina ndiye amakonza kapakiridwe ka katundu: kontena iti ilowe pansi, iti ikhale pamwamba, kuti sitima isapendekeke ndiponso kireni yonyamula makontena isataye nthawi kufukula zokwiririka. Silviu anakwera ku ofesi kukakangana za kontena imodzi, n'kutsika atatenga nambala ya foni.

Kuyambira pamenepo foni sinapumenso ndi mauthenga a Silviu, ngakhale pachakudya.

"Nyenyezi yanga ya padoko, nyanja yonseyi ndi mchere wokhawokha, wotsekemera ndiwe wekha."

Ine ndinkangoti, "Idya, supu ikuzizira."

Kenako linabwera pempho. "Mtima wanga, makontena a ku Varna uziwaika pamwamba, mbali imodzi. Tikatsitsa msanga kumeneko, ndizibwerera msanga kwa iwe. Ndikulonjeza!"

Si ntchito yamasewera imeneyo. A ku Varna ambiri amakhala olemera, ndipo cholemera malo ake ndi pansi. Sorina ankatsalira anzake ataweruka, kusunthasuntha timabokosi pakompyuta mpaka maso kufiira. Oyendetsa makireni ankamuseka, "Achemwali, sitima ya alamu yakocheza, lero tivina!" Anaonda mwana wanga, koma anakwanitsa. Katundu amene ankatha mdima utagwa ku Varna anayamba kutha dzuwa likadalipo.

"Ndiye chachitika n'chiyani? Lankhula, ndili ndi ntchito," ndinamuuza Sorina, mpeni uli m'manja.

"Wandiimbira Radka, wokonza kapakiridwe ku Varna. Amandithokoza."

"Kuthokoza kwaipa liti?"

"Akuti, 'Mnzanga, manja ako ndi odala. Dzulo a Silviu anafika pa ubatizo wa mwana wawo chifukwa cha iwe. Akazi awo akuti ndikupatse moni. Kale ankangoonana pageti la doko, pano bambo amagona kunyumba.'"

Ndinaika mpeni pansi.

Aliyense wa padoko amadziwa kuti wachiwiri kwa kaputeni sachoka padoko katundu asanathe. Amadziwanso kuti sitima ikamaliza msanga ku Varna sinyamuka, imadikira nthawi yake yolowera ku Istanbul. Mpata umenewo munthu amachita nawo zimene akufuna.

"Iwe Sorina, miyezi yonseyi sitimayo inabwerako msanga ngakhale kamodzi?"

Misozi inayamba kutsika.

"Ayi. Nthawi zake ndimaziona pakompyuta tsiku lililonse, amayi. Ndinkati mwina ndi mphepo."

Mphepo! Kodi chikondi chimatseka maso mpaka munthu osawerenga zimene walemba yekha?

Foni inalira. Unali uthenga wa Silviu.

"Duwa langa, Loweruka tikocheza. A ku Varna pamwamba, monga mwa nthawi zonse. Lamulungu ndine wako. Uwauze amayi kuti kabichi wawo ndikumulota!"

"Wakuba wopanda manyazi!" ndinakuwa. "Makontenawo uwakwirire! Uwaike pansi penipeni, afukule mpaka Khrisimasi!"

"Sindingathe."

"Ukumukondabe chitsiru chimenechi?"

"Si zimenezo. Abwana anaona kuti njirayi ikufulumizitsa ntchito. Analamula kuti sitima zonse za ku Varna zizipakiridwa choncho. Anaitcha njira ya Sorina, anandiombera m'manja pamsonkhano." Anaseka kuseka kowawa. "Loweruka ndimupakirira ndekha, amayi, kuti akafike bwino kwa mkazi wake."

Anapukuta maso ndi mkono wa jekete, n'kumulembera Silviu mawu ochepa: "Mwanayo mwamutcha dzina loti chiyani?"

Tinadikira. Foni imene inkatisowetsa mtendere miyezi yonseyi inangoti zii.

Ndikanamuuza chiyani? Kuti amuna alipo ambiri? Padoko pali amuna mazana, ndipo onse mawa akhala atamva.

"Vula jeketelo, usambe m'manja," ndinatero. "Nyamayi siidikira misozi, iwonongeka."

Anatenga tsamba limodzi, linang'ambika. Anatenga lina. Mphika unali usanafike n'pakati pomwe.