Tayala Lothawira ku Mlatho

Anock Daka anatuluka m'galaja ya a Conrad Miti, ku Heavy Industrial mu Ndola, minibasi yomaliza ya ku Kabushi itapita kale. Anadzichedwetsa yekha. Chiwerukireni ku fakitale kumene ankawotcherera zitsulo, anakhala pagalajapo akusankha matayala, ili kuika pambali, ilo kubweza, mpaka mlonda anayamba kukoka geti.

Matayalawo anali a galimoto ya malemu atate ake. Inali ya ku Japani, ya m'ma 1980, yoyendera mawilo akumbuyo, ndipo inali ndi tabo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini kuti ikhale ndi mphamvu zochuluka. Atate ake atamwalira, galimotoyo inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinkaikiramo mazira. Anock anatha zaka zitatu akuidzutsa pang'onopang'ono. Tsopano injini inali kulira bwino, ndipo Loweruka likudzalo anafuna kunyamuliramo mwana wake Keziya kupita naye ku tchalitchi ku Mindolo, ku Kitwe, kumene ankakamanga ukwati.

Iye ankafuna kuti anthu a ku Mindolo akacheuke. N'chifukwa chake anasankha marimu, zitsulo zovekapo matayala, a mainchesi 17 ndi matayala otambalala kwambiri, a mphepete mwafupi, olembedwa 245/40. Anali ogwirapo kale ntchito kunja kwa dziko, koma mizere yake inali yakuyabe. A Miti ananena kamodzi kokha kuti galimoto zoterozo zinkabwera ndi marimu a 15. Anock atayankha kuti imeneyo inali kale, mkuluyo sanatsutsenso. Anamulola kutenga tayala limodzi, lovekedwa kale pa rimu, kuti akayese kunyumba ngati likwana.

Choncho anayamba ulendo wapansi, akugubuduza tayalalo. Unali mwezi wa Disembala. Mvula inali italeka madzulo, msewu uli chinyezi, ndipo magetsi a m'mphepete anathera pa nyumba yomaliza yosungiramo katundu. Mtima wake unali pa Keziya. Anakumbukira mmene mwanayo ankakhalira m'galimoto yakufayo ali wamng'ono, akupotoza chiwongolero n'kumalira ngati injini. Ndiye amene anapempha kuti adzapite ku ukwati wake m'galimoto ya agogo ake.

Atadutsa njanji, msewu unayamba kutsetsereka kulowera ku mlatho. Apo m'pamene anaterereka. Anagwa chogwada, ndipo tayala linamupulumuka.

Analimva likuthamanga mumdima, likudumphadumpha. Anadzuka n'kulithamangira, akudziwa kuti likagwera mumtsinje wodzaza ngati umenewo ndiye kuti lapita. Kenaka phokoso lija linangoti zii. Silinagunde kanthu. Silinagwere m'madzi. Linangoleka.

Atafika pamlatho anapeza munthu atanjuta, tayala lili chiimire pakati pa mawondo ake. Anali wamwamuna wochepa thupi, wovala ovolosi. Nkhope sinkaoneka bwino. Anock anamuthokoza m'Chibemba, monga amachitira aliyense ndi mlendo wa pamsewu. Munthuyo anayankha m'Chinyanja cha kwawo kwenikweni, osadzutsa mutu.

"Tayala ili ndi lokalamba, achimwene."

Anock anaseka pang'ono n'kunena kuti mizere yake ndi yatsopano. Munthuyo anali kuyendetsa zala m'mphepete mwa tayalalo ngati wakhungu. Anati mizere siuza munthu zaka. Anati pali manambala anayi m'kabokosi kakang'ono, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Anawatchula: 2309. Mphira wa 2009, anatero, ndi wouma ngati chikumba, ndipo sugwira msewu wonyowa.

Anock anayatsa tochi ya foni kuti aone. Manambala anali omwewo. Anadabwa kuti munthu wawawerenga bwanji mumdima wotere, koma anadziuza kuti anthu a matayala amawerenga ndi zala. Atati akweze tochi kuti aone nkhope, foni inazima.

Munthuyo anaimirira n'kunena kuti amuperekeza kuwoloka. Anayamba kuyenda, tayala lili pakati pawo. Anafunsa kuti ndi la galimoto yanji, ndipo Anock anafotokoza. Kwa kanthawi mantha sanalipo. Zinali ngati akucheza ndi makaniko aliyense wodziwa ntchito yake. Munthuyo anati tabo yakale ili ndi khalidwe lake: ukaponda mafuta imayamba yachita ngati sinamve, kenaka mphamvu yonse imabwera nthawi imodzi, ndipo mawilo akumbuyo akakhala pamadzi amathawira m'mbali. Tayala lotambalala limakoma pa msewu wouma, koma pamvula limachedwa kutaya madzi, ndiye galimoto yopepuka imayandama ngati bwato. Komanso la mphepete mwafupi silikhululukira maenje a m'misewu yathu. Limatupa chotupa, kapena rimu imapindika.

Anock anafunsa kuti nanga aike otani.

"Musapitirire marimu a 16. Tengani 205/55, atsopano, anayi onse a mtundu umodzi, olembedwa chilembo V, chosonyeza kuti amapirira liwiro. Kutalika kwa gudumu kukhale ngati kwa lakale."

Madzi anali kulindima pansi pa mlatho. Anock anayamba kuona kuti mlathowo ukutalika. Ankaudziwa bwino. Unali waufupi, woti munthu amawoloka asanamalize n'komwe kupereka moni. Koma iwo anali kuyendabe.

Ndiye anazindikira china. Manja ake onse awiri anali m'matumba. Anayang'ana mnzakeyo. Nayenso manja anali lende m'mbali. Tayala linali kugubuduka lokha pakati pawo, pang'onopang'ono, molingana ndi mayendedwe awo.

Anamvetsera. Nsapato zake zinali kulira pamatope. Zake zokha.

"Mukanyamula ndani?" anafunsa munthuyo.

Anock anafuna kunama, koma lilime linakana. "Mwana wanga... wamkazi."

"Akakhala kumanzere?"

"Kumbuyo."

"Kumanzere n'kumene kumayamba kulowa madzi," anatero munthuyo, mofatsa, ngati akunena za nyengo. "Amayambira kumapazi. Sazizira kwambiri. Chimavuta ndi chitseko."

Fungo linamufika Anock. Guluu womatira machubu, ndi matope a pansi pa mtsinje. Anamva kudontha. Ovolosi ija inali kuchucha madzi, kuchokera m'khosi mpaka m'miyendo. Mvula kunalibe.

Anafuna kuthawa. Koma anangopitiriza kuyenda. Anayamba pemphero la Ambuye chamumtima, n'kusokoneza mawu, n'kuyambiranso...

Khu! Tayala linagwa cham'mbali patsogolo pake.

Anali tsidya lina la mlatho. Patali magetsi a Kabushi anali kuoneka, ndipo galu anali kuuwa kwinakwake. Anacheuka. Pamlatho panalibe munthu.

Sanathamange. Pambuyo pake ankadabwa yekha kuti sanathamangirenji. Anadzutsa tayala n'kuligubuduza mpaka kunyumba. Mkazi wake Jenala atamutsegulira anafunsa ngati wakumana ndi akuba. Iye anangoti wagwa. Usiku wonse anagona maso ali gwa, akuganiza za Keziya atavala zoyera pampando wakumbuyo, mvula ikugwa pa msewu wa ku Kitwe, ndi phazi lake lomwe likuponda mafuta kuti anthu aone. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti zambiri mwa zimene anauzidwazo ankazidziwa kale. Anangozikankhira pambali chifukwa marimu aja ankawala.

M'mawa, asanapite ku ntchito, anabweza tayalalo osaliyesa n'komwe. Anapeza a Miti akumwa tiyi pakhomo la galaja. Anawauza kuti wasintha maganizo, akufuna a 16, atsopano, ngakhale zitatanthauza kugulitsa wailesi ya m'galimoto ndi kuiwala zopaka utoto wina. A Miti anafunsa kuti wamulangiza ndani. Anock anazengereza, kenaka anafotokoza zonse, kuyambira pamene anaterereka.

Mkuluyo anamvetsera osadula mawu. Atamva za zala zowerenga manambala mumdima, anaika kapu pansi. Anafunsa ngati munthuyo anali wochepa thupi, wolankhula ngati wangobwera dzulo kuchokera kumudzi ku Katete. Anock anavomera.

A Miti anati ameneyo ndi Kingsford, mlamu wawo, amene anayamba naye galajayo. Anamwalira mu Januwale 2011. Panali kasitomala wina wa galimoto ya tabo amene anaumirira matayala otambalala akalekale. Kingsford anakana kuwaveka, koma anagonja atakakamizidwa. Atamaliza anatuluka kukaiyesa galimotoyo, mvula ikugwa. Pa mtsetse wa ku mlatho tabo inadzuka, kumbuyo kunathawa, ndipo galimoto inathyola zitsulo n'kugwera mumtsinje. Thupi la Kingsford analivuula mawa lake.

Anock anati munthuyo analankhula ngati anakhala kumanzere. Anafunsa kuti nanga ankayendetsa ndani.

"Ndine, a Daka," anatero a Miti. "Ndinenso ndinamukakamiza. Chitseko changa chinatseguka."

Malole anali kudutsa mumsewu, akuwaza madzi a m'maenje. A Miti anati kuyambira nthawi imeneyo sadutsa pamlathopo, amazungulira njira ya m'tauni. Anatinso chiyambire imfayo analeka kutsutsana ndi makasitomala, chifukwa ankadziona wosayenera kulangiza munthu. Dzulo anaona manambala aja, ndipo anangotseka pakamwa.

Kenaka anafunsa motsitsa mawu, osamuyang'ana Anock.

"Anaoneka wokwiya?"

Anock anaganiza nthawi yaitali, pofuna kunena zoona zokhazokha.

"Ayi, bambo. Anaoneka ngati munthu amene ali pantchito."

A Miti anagwedeza mutu. Anaimirira pang'onopang'ono, natenga mpeni wodulira mphira pathebulo. Anapita pamene panali matayala anayi otambalala aja, n'kuyamba kuwang'amba m'mphepete, limodzilimodzi.