Hélia ndi Chiwaya Chimodzi

Hélia ankakhala ku Milange, pafupi ndi malire. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku limeneli ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukaona mayi ake kuchipatala.

Dzulo lake mayi ake, a Adelaide, anabereka mwana wamkazi. Hélia anali asanamuone mwanayo. Mtima wake unali kuchipatala basi.

Koma kuchipatala munthu sapita chimanjamanja. Amanyamula chakudya cha kunyumba. Ndiponso mlonda amatseka geti sikisi koloko. Akatseka, watseka.

Bambo ake a Hélia anali a Osório. Ankanyamula katundu wa anthu panjinga, pamalire. Masana anabwera kunyumba. Anateleka nyemba pambaula.

"Zizipsa pang'onopang'ono," anatero. "Madzulo tikawapatsira amayi ako."

Kenako anabwerera kuntchito. Hélia anapita kusukulu ya masana.

A Osório panjinga ndi katswiri. Koma pamphika, ayi ndithu, tisanamizane. Anaika makala ambiri. Anathira madzi ochepa.

Faifi koloko onse awiri anafika pakhomo. Anamva fungo asanalowe n'komwe. Hélia anavundukula mphika. Nyemba zinali zakuda bii. Zinali zitamatirira pansi.

"Papa, nyemba zapserera," anatero Hélia.

A Osório anavula chipewa. Anakanda mutu. "Ndalakwitsa ndine, mwana wanga."

"Tiphike zina, Papa."

"Nyemba zimafuna maola atatu. Ife tili ndi ola limodzi."

Hélia anamva chisoni kwambiri. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anaganiza za mayi ake. Mayi akudikira. Mayi akuyang'ana kukhomo. Mayi agona ndi njala.

Anapukuta maso ndi dzanja. Apo anaona kapepala komangirira kunjinga.

"Papa, m'kapepala aka muli chiyani?"

"Masoseji awiri. Andipatsa mayi ena. Ndinawanyamulira matumba kuchokera ku Muloza."

Hélia anawayang'ana masosejiwo. Anali aang'ono. Paokha sangakhutitse munthu.

Anathamangira kuseri kwa nyumba. Kumeneko mayi ake anali ndi kadimba. Anathyola tomato anayi. Anazula anyezi mmodzi. Anathyola masamba a mpiru odzaza manja. M'dengu la kukhitchini anapeza mbatatesi zisanu.

"Tiphika izi, Papa."

"Tiphikira muti? Mphika uwu wapserera. Mphika wina uli kuchipatala."

Hélia anayang'ana pakhoma. Panali chiwaya chimodzi. Chinali chakale, chakuda kunsi.

"Chiwaya chimodzi, zinthu zonsezi?" anafunsa a Osório.

"Chikwana, Papa."

A Osório anakoleza moto. Hélia anatsuka tomato. Anatsuka mpiru. Anatsuka mbatatesi. Kenako anatenga botolo la mafuta ophikira. Analizondotsa pachiwaya. Panagwa kadontho kamodzi. Kamodzi komweko, basi.

"Mafutanso atithera," anatero a Osório. Anakhala pampando, manja ali m'masaya.

Hélia sanakhale pansi. "Papa, tidulireni masoseji. Tiyese chabe."

A Osório anadula masoseji tizidutswa. Hélia anaika tizidutswato m'chiwaya chotentha. Tinalira kuti tswii. Posakhalitsa m'chiwaya munayamba kung'anima. Mafuta anatuluka okha. Anali ofiira, onunkhira.

A Osório anasuzumira. Anaseka. "Taona, masoseji abwera ndi mafuta awo."

Tsopano anayamba kudula mbatatesi. Anadula zikuluzikulu, ngati zibakera. Ndi mmene amadulira munthu wa njala.

"Papa, zikuluzikulu chonchi zipsa mawa," anatero Hélia.

"Nanga ndidule bwanji?"

"Ngati achipisi a pamalire aja. Iwo amadula zopyapyala. Anthu a m'minibasi sadikira."

A Osório anagwedeza mutu. Achipisi aja amawaona tsiku ndi tsiku. Koma sanayang'anepo mipeni yawo. Anayambiranso. Anadula zopyapyala, zopyapyala.

Atatha, ananyamula zonse pamodzi. Mbatatesi, anyezi, tomato ndi mpiru. Ankafuna kungokhuthulira m'chiwaya kamodzi.

"Ayi, Papa. Zolimba ziyambe. Zofewa zidikire."

"Wamva kwa ndani zimenezo?"

"Mama amatero."

A Osório sanatsutse. Zimene anena Mama, ndani angatsutse?

Mbatatesi ndi zolimba. Zinayamba kulowa. Hélia anatakasa ndi chikombe cha mtengo. A Osório anagwira chiwaya kuti chisagwe.

Kenako analowa anyezi. Hélia anatakasanso. Utsi unamulowa m'maso, koma sanasiye.

"Tomato tsopano?" anafunsa a Osório.

"Zolimba ziyambe, Papa."

"Zofewa zidikire," anamaliza a Osório. Anabweza tomato m'mbale.

Anatulutsa foni m'thumba. Inali hafu pasiti faifi. Hélia anabaya mbatatesi imodzi. Inali yolimbabe gwaa. Anachita mantha.

Anathira madzi pang'ono, theka la kapu. Anathira tomato. Anathira mchere. Anavundikira ndi mbale yachitsulo.

"Papa, kupizani moto."

A Osório anakupiza ndi chipewa chawo. Anakupiza, anakupiza. Makala anafiira psuu. M'chiwaya munayamba kubwata.

Anadikira. Kudikira n'kowawa, inu. Hélia anaima. Anakhala. Anaimanso. Dzuwa linali litatsika. Phiri la Tumbine linali lofiirira.

"Nthawi ili bwanji, Papa?"

"Kwatsala mphindi makumi awiri."

Hélia anavundukula mbale ndi kansalu. Nthunzi inatuluka. Anabaya mbatatesi ija. Chikombe chinalowa bwinobwino.

"Yafewa, Papa. Yafewa."

Tsopano inali nthawi ya zofewa. Hélia anathira mpiru pamwamba. Anatakasa kawiri, katatu. Mpiru unafota msanga. M'chiwaya munali zofiira, zobiriwira ndi zachikasu.

A Osório analawa pang'ono. Anatseka maso. Anatambasula dzanja kuti alawenso.

"Papa, n'za Mama izi."

"Ndimangoona mchere," anatero a Osório.

Nthawi yopakulira m'mbale panalibe. Anavundikira chiwaya. Anachikulunga m'kapulana, nsalu ya mayi ake. Anamanga mfundo pamwamba. Hélia anatenga pau awiri, buledi wotsala m'mawa.

A Osório anapinda thumba. Analiika pamiyendo ya Hélia kuti asapse. Hélia anakhala kumbuyo kwa njinga. Chiwaya chinali pamiyendo. Anachigwira ndi manja onse awiri.

"Palasani, Papa."

Apa ndiye a Osório anali pantchito yawo. Anapalasa, anapalasa. Anadutsa malole oima pamzere. Anadutsa amayi osenza madengu. Anazemba maenje onse a mumsewu. Msuzi sunatayike ngakhale dontho.

Anafika pachipatala. Mlonda anali atatseka mbali imodzi ya geti. Anali akukoka mbali inayo.

"Dikirani, abambo!" anafuula Hélia. "Tabweretsa chakudya cha Mama."

Mlonda anayang'ana wotchi yake. Anayang'ana Hélia. Anayang'ana chiwaya.

"Kwatsala mphindi imodzi," anatero. "Lowani. Koma musakhalitse."

"Zikomo kwambiri, abambo."

Analowa m'chipinda cha amayi. Munali mabedi ambiri. A Adelaide anali atakhala tsonga pabedi la kukona. Maso awo anali kukhomo.

"Ndimati simubwera," anatero.

"Tabwera, Mama."

Hélia anamasula mfundo. Anachotsa mbale. Chakudya chinali chotenthabe. Fungo linadzaza chipinda chonse. Amayi a m'mabedi ena anatembenuka.

A Adelaide anadabwa. "Nanga nyemba zija?"

A Osório anayang'ana kudenga. Anatsokomola pang'ono. "Nyemba ndapsereza ndine. Izi waphika Hélia. Ine ndimangotumidwa."

A Adelaide anaseka mpaka kugwira pamimba. "Musandiseketse, pakupweteka."

Ananyema pau. Anasunsa mumsuzi. Anadya soseji. Anadya mbatatesi. Anadya mpiru. Anali ndi njala zedi. Anagawirako mayi wa bedi loyandikana. Kenako anapukuta chiwaya ndi kachidutswa komaliza.

"Ndakhuta," anatero. "Wachita bwino, mwana wanga. Tsopano samba m'manja. Ukhale apa."

Hélia anasamba m'manja. Anakhala pabedi. Mayi ake ananyamula kansalu kamene kanali pambali pawo. M'kansalumo munali mwana.

"Tambasula manja. Ugwire mutu bwino."

Hélia anatambasula manja. Mwanayo anali wopepuka. Anali wofunda. Tizala take tinali tating'ono kwambiri. Hélia anaopa ngakhale kupuma.

Mayi ake anawerama. Analankhula ndi mwanayo motsitsa mawu.

"Kamwana iwe, awa ndi achemwali ako. Uziwatchula Mana Hélia. Ndi amene andidyetsa lero. Ine ndikakhuta, iwenso umakhuta."

Hélia anayang'ana mayi ake. "Ndiye kuti ndaphikiranso iyeyu?"

"Eya. Wamuphikira chakudya chake choyamba cha kunyumba."

Palibe amene anamutchulapo Mana, kutanthauza achemwali aakulu, chibadwire. Hélia anasangalala kwambiri. Anayandikitsa nkhope yake kwa mwanayo.

"Wakhuta?" anamufunsa monong'ona.

Mwanayo anayasamula. Kenako anagona m'manja mwa Hélia.