Pomwe Namulondola Amazimitsa Nyimbo

Bwato la Zuze Alufandika linkadziyendetsa lokha m'mawa umenewo, mwini wake atangokhala kumbuyo, manja ali pamaondo ngati mlendo. Chiwongolero chinkakhotera kumanja, n'kubwerera kumanzere, kulambalala zilumba za namasupuni, popanda wochigwira. Pa sipika pankamveka nyimbo ya magitala, ndipo nthawi ndi nthawi nyimboyo inkatsika pang'ono kuti mawu aulemu a makina anene kuti kutsogolo kuli mvuu, kapena kuti pansi pali denga la nyumba lomwe lingang'ambe bwato.

Wolankhulayo anali Namulondola. Kumuona, anali tabuleti wamba, kagalasi kopyapyala kokula ngati mbale yodyera. Koma anali ndi khutu lake lomata kunsi kwa bwato, lomwe linkaponya kaphokoso m'madzi n'kumvetsera mmene kakubwerera, ndipo potero ankajambula pagalasi chilichonse chogona pansi. Ankamva masetilaiti akumwamba, komanso ankacheza ndi Anamulondola anzake a m'mabwato ena, moti chimene bwato limodzi laphunzira lero, mawa mabwato onse achidziwa. Makina otere anali ofunika m'zaka zimenezo, chifukwa chigwa cha Shire chinali chitasanduka nyanja. Madzi osefukira amene anabwera Zuze ali mnyamata sanabwererenso. Midzi, minda, sukulu, zonse zinatsalira pansi, anthu n'kusamukira kumapiri.

Zuze anali atawakana makinawa kwa zaka zambiri. Ankati ndi a anthu opanda maso, ndipo ankanyadira kuti iye amanyamula simenti ndi mbuzi cha kumtunda kwa Chikwawa popanda kufunsa njira kwa kagalasi. Koma dzulo lake anzake a padoko anamuona akutuluka thukuta, sipanala ili m'manja. Anamanga mkono wachitsulo ndi mabawuti pathabwa la pafupi ndi chiwongolero, n'kuyala labala wa chubu kuti tabuleti isamanjenjemere. Anaikhomera kachipewa ka lata, poti dzuwa la kuchigwa limawotcha ngakhale makina. Atamaliza zonsezo anaimanganso ndi chingwe ngati mbuzi, chifukwa mabawuti sankawakhulupirira kwenikweni. Anzakewo anamuseka mpaka kugwira nthiti.

Chimene chinamugonjetsa munthu wouma mutuyu chinali chitakhala pabenchi la pakati, chitafunda ambulera. Anali alongo ake aakulu, a Luwiza.

Mayi awo anamwalira nyengo imene madzi aakulu aja ankabwera. Nthawi imeneyo a Luwiza ankagwira ntchito ya unamwino ku Mzuzu, ndipo misewu yonse yotsikira kuchigwa inali itaduka. Adzukulu anakumba manda mofulumira, maliro anaikidwa, ndipo pasanapite nthawi mudzi wonse wa kwa Nyakalambo unamira. Kwathu kuno munthu amene sanakhale nawo pamaliro amatengedwa ndi m'bale wake kupita kumanda, m'baleyo n'kuloza kuti wagona apa. Akatero m'pamene munthuyo amalira, maliro n'kutha mumtima mwake. A Luwiza sanalozeredwe. Anabereka ana, anaona zidzukulu, tsitsi linayera, koma maliro a mayi awo anali asanawalire. Tsopano mtima wawo unali utayamba kufooka, ndipo ana awo ananena poyera kuti ulendo wa kuchigwa kotentha uno ndi womaliza.

Pafoni Zuze anawalonjeza kuti akawaonetsa. Analonjeza mwamphamvu, monga amachitira amuna akamalonjeza chinthu chimene sakudziwa kuti achichita bwanji. Zoona zake n'zakuti pamene panali manda sankapadziwanso. Msitu wa kumanda unawola kalekale, ndipo madzi alibe mphambano.

Atadutsa cha ku Chiromo, a Luwiza anatseka ambulera n'kusendera pafupi ndi galasi. Pansi pa bwato panali njanji yakale, yowongoka bwinobwino, milamba ikusambira pamwamba pake. Kenako panabwera mzere wa masitolo opanda madenga, kenako bwalo la mpira, zitsulo za magolo zidakali chiimire. Zonse zinkatuluka pang'onopang'ono kumwamba kwa galasi n'kutsetserekera kumunsi, ngati dziko lakalelo likudzuka kuti lione amene akudutsa. A Luwiza anayala chala pagalasi, n'kuchichotsanso msanga.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "zonsezi zakhala zili pompa nthawi yonseyi?"

Zuze anangogwedeza mutu. Anali atayenda pamadzi amenewa moyo wake wonse, koma sanaganizepo kuti amayenda pamwamba pa ubwana wake.

Mudzi anaupeza mosavuta. Namulondola anazimitsa nyimbo atauzidwa, anachepetsa injini, n'kuwaonetsa simenti ya pamjigo pomwe a Luwiza ankatunga madzi ali mtsikana, ndiponso maziko a tchalitchi, masitepe ake a kukhomo osagumuka. A Luwiza anaseka, n'kuyamba kutchula mayina a anthu amene ankakhala mbali iyi ndi mbali iyo. Zuze analimba mtima ndipo anafunsa makinawo kuti manda a kwa Nyakalambo ali pati.

"Pepani," anayankha Namulondola, "pamapu anga palibe manda."

N'zosadabwitsa. Amene ankajambula mapu ankalemba misewu ndi milatho, osati mitumbira ya anthu akumudzi. Ndipo mitumbira yadothi inali itasalala pansi pa matope. Zuze anagwira yekha chiwongolero. Ankakumbuka kuti ponyamula maliro anadutsa kuseri kwa tchalitchi, dzuwa lili kumaso. Koma linali dzuwa la m'mawa kapena la masana? Analowera kum'mawa, galasi linaonetsa matope. Anatembenukira kumwera, matope okhaokha. Anazungulira mpaka dzuwa linafika paliwombo, malaya atanyowa, akulankhula yekha, akuloza malo n'kubwezanso dzanja. Pena anaganiza zongoima paliponse n'kunena kuti ndi pano, poti ndani akanamutsutsa? Koma atayang'ana nkhope ya alongo ake, anachita manyazi ndi ganizolo.

A Luwiza ndi amene anathetsa nkhaniyo. Anamuuza kuti wayesetsa, kuti kuona mjigo ndi tchalitchi n'kokwanira, ndipo kuti ayatse nyimbo azibwerera. Ananena zimenezi akumwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko kunamupweteka Zuze kuposa kulira. Anauza Namulondola kuti awabweze kudoko podzera njira yachidule, n'kukweza nyimbo kwambiri kuti pasakhale chifukwa cholankhulana.

Bwato linakhotera kumpoto, mbali imene Zuze sanaiganizire n'komwe. Linayenda pang'ono pamadzi oyera opanda bango, ndipo mwadzidzidzi nyimbo inazima. Injini nayo inatsika yokha, bwato n'kumangoyandama mwakachetechete.

Apa ndiye Zuze anapsa mtima. Tsiku lonse linali litamukana, tsopano ngakhale nyimbo? Anagwada n'kuyamba kugwedeza mawaya amene analumikiza dzulo, anamenya sipika ndi chikhatho, akudandaula kuti anamugulitsa chinthu chakufa. Anakumbukanso kuti anzake a padoko anamuchenjeza kuti makinawa ali ndi kakhalidwe kameneka, amangozima pamalo ena n'kuyambiranso okha. Onse ankati ndi netiweki. Kwathu kuno chinthu chikazima, mlandu ndi wa netiweki, ndipo palibe amafunsanso kawiri.

A Luwiza, amene anazolowera kufunsa odwala asanawapatse mankhwala, anamuuza kuti asiye kumenya chinthu chimene chimatha kulankhula, angochifunsa.

"Sindinawonongeke," anatero Namulondola atafunsidwa. "Pano ndi pamalo a chete. Mabwato onse akafika pano amazimitsa nyimbo ndi kuyenda pang'onopang'ono."

"Anakuuza zimenezo ndani?" anafunsa Zuze.

"Palibe anandiuza. Ndinaphunzira kwa Anamulondola akale, ndipo iwo anaona eni mabwato awo akutero nthawi zonse. Pansi pano palibe mwala kapena mtengo woopsa. Ena ankavulanso zipewa. Chifukwa chake sindichidziwa."

Zuze anasiya waya uja. Anayang'ana alongo ake, alongo ake anayang'ana iye.

Munthu wakuchigwa sangafunike kumuuza tanthauzo la zimenezi. Podutsa pamanda wailesi imazimitsidwa, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Zaka zoyamba madzi atabwera, nsonga za mitengo ya kumanda zinkaonekabe pamwamba, ndipo madoda oyendetsa mabwato ankapereka ulemu umenewu podutsa, monga ankachitira poyenda pansi. Matabuleti a nthawi imeneyo ankaona, n'kusunga. Mitengo inawola, madodawo anamwalira, ana awo anaiwala. Koma makina anapitiriza kuuzana, wakale kuuza watsopano, kuti pakuti-pakuti anthu sayimba.

"Alipo malo ena otere?" anafunsa a Luwiza.

Galasi linasintha, n'kuonetsa chigwa chonse kuchokera ku Chikwawa mpaka kumalire. Pamadzi onsewo panali timadontho toyera tosawerengeka, kadontho kalikonse pambali pa mudzi womira. Akufa onse a m'chigwa anali pamenepo, aliyense kwawo, ndipo bwato lililonse lakhala likuwadutsa mwaulemu, eni ake akutukwana netiweki. Kadontho kamene iwo anaimapo kanali kamodzi kokha pafupi ndi kwa Nyakalambo.

Zuze anaponya nangula. Anaimirira, anavula chipewa, ndipo anatambasula dzanja lake kuloza madzi. Dzanjalo silinabwerere.

"Achemwali, amayi tinawagoneka muno. Pamene pali mutu wawo penipeni sindikunamizani, sindipadziwa. Koma ndi muno."

A Luwiza anavula nsapato. Anamanga bwino chitenje, anagwada pamatabwa a bwato, n'kuviika dzanja m'madzi mpaka m'chigongono. Anaweramira madziwo kwambiri, moti Zuze anachita mantha ndi mtima wawo uja. Kenako anabuma. Sikunali kulira kwa mayi wokalamba wa m'tauni. Kunali kulira kwa mwana wamkazi amene wangofika pamudzi pa maliro, akuitana mayi ake, akuwauza kuti msewu unaduka, kuti sanachite dala, kuti wabwera. Zuze anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Panali lamulo lina mwa Namulondola limene Zuze sankalidziwa. Bwato likaima pakati pa madzi, munthu n'kumveka akulira, makinawo amaitana mabwato onse apafupi kuti adzathandize. Choncho posakhalitsa kunatulukira bwato la amayi a geni lodzaza madengu a tomato, kenako la asodzi, kenako boti lalikulu lonyamula anthu opita ku Bangula. Onse ankabwera mothamanga, nyimbo zili pamwamba, ndipo lililonse likangolowa pamalopo nyimbo inkazima, injini n'kutsika. Anthu a m'mabwatomo anafunsa kuti wamira ndani. Zuze, manyazi atamugwira chifukwa chosokoneza anthu paulendo, anafotokoza kuti palibe wamira, n'kuwauza zonse.

Anyamata a m'boti lalikulu anayang'ana tabuleti yawo ngati akuiona koyamba. Msodzi wina wa imvi anavula chipewa pang'onopang'ono, n'kunena kuti agogo ake analinso a kwa Nyakalambo, ndipo wakhala akuponya ukonde pompano osadziwa.

Mayi wina wamkulu wa m'bwato la tomato anayang'ana a Luwiza, amene anali chigwadire, n'kutembenukira anzake.

"Ndiye ndi maliro amenewa," anatero. "Tipitirira bwanji?"

Palibe anatsutsa. Anamangirira mabwato limodzi, amuna n'kusunthira mbali imodzi. Amayi aja anawolokera m'bwato la Zuze mmodzimmodzi, anakhala pansi mozungulira a Luwiza, mapewa atagundana, ndipo wina anayambitsa nyimbo ya maliro. A m'boti lalikulu anailandira, asodzi anaikamo mawu okhuthala, nyimboyo n'kuyenda pamwamba pa madzi mpaka kubango lakutali. Sipika zonse zinali duu. Tomato anapsa ndi dzuwa, a ku Bangula anachedwa, koma palibe anayang'ana nthawi.

Nyimbo ili mkati, Namulondola analankhula motsitsa kwambiri, mongomumvetsa Zuze yekha. Anati mabwato ena akufunsa ngati pali ngozi, ndiye awayankhe chiyani.

"Uwauze kuti ngozi palibe," anatero Zuze. "Uwauze kuti pano ndi pamanda. Malo onse a chete aja ndi manda a anthu."

"Zikomo," anayankha makinawo. "Ndakhala ndikusunga zimenezi osadziwa dzina lake."

Nthawi yomweyo mawuwo anafika m'bwato lililonse la m'chigwa, ndipo m'miyezi yotsatira anthu anayamba kutsika m'mapiri, okalamba atagwidwa manja ndi zidzukulu, kufunafuna bwato lowaperekeza kwa akufa awo. Koma izo zinabwera pambuyo. Masana amenewo Zuze ankangoyang'ana alongo ake ali pakati pa amayi osawadziwa, mutu atautsamiritsa paphewa la mayi wa tomato uja, kulira kukuchepa pang'onopang'ono monga kumachepera maliro akaikidwa. Atatukula nkhope, anamuyang'ana ndi maso ofiira, n'kumuuza kuti tsopano akhoza kuzula nangula.

Anthu anali ataiwala pomwe anagoneka makolo awo, koma ulemu umene anawapatsa podutsa sunamire nawo limodzi.