Masiponji a Nkhosa za Tabita

Madzulo amenewo Tabita, mayi wamasiye wa m'mudzi wina m'mapiri a ku Ntchisi, atatsekera nkhosa zake zisanu ndi zitatu m'khola, anagwada n'kuyamba kukoka timaulusi tolendewera pansi pa michira yawo. Ulusi uliwonse unkatuluka ndi kasiponji konunkha. Mlangizi wa ziweto ndiye anaika masiponji a mankhwalawo masiku khumi ndi awiri m'mbuyomo, kuti nkhosa zitenge bere m'chilimwe chouma, nthawi imene nkhosa zowonda zimakana mphongo.

Rebeka, mkazi wa khomo loyandikana, anaima ndi ndowa pamutu.

"Kodi mayi, mukutulutsa chiyani mmenemo?"

"Ndi za alangizi izi. Mawa abwera kudzabaya jakisoni."

Rebeka anapitirira ndi ndowa yake. Koma pakamwa pa Rebeka sipankagona nkhani, ndipo pofika Lamlungu ngakhale ogontha anali atamva.

Nkhosa zonse za Tabita zinatenga bere, za anthu ena zikungoyenda mimba zili pepuu. Patatha miyezi isanu zinaswa sabata imodzi, zambiri mapasa. Mwezi womwewo Faines, mpongozi wa Rebeka, anapita padera. Kenako mkazi wa Mateyu. Kenako mtsikana wa kutsidya, amene anatsikira limodzi ndi mwana wake kumanda.

Dzuwa likamapendeka, kulira kwa tiana ta nkhosa kunkatsika phiri, koonda, konjenjemera. Amayi ankasiya kusinja.

"Mwamva?"

"Si nkhosa imeneyo. Ndi khanda."

"Khalani chete, angatimve."

Obadiya, mwamuna wa Rebeka, anakafukula kudzala la Tabita n'kupeza masiponji aja atada bii, ulusi ukadali pomwepo. Anawanyamula pa kamtengo, fungo likumutsatira mpaka pakati pa mudzi.

"Mimba za ana athu ndi izi," anatero. "Amazikoka ndi ulusi, n'kuzilowetsa m'nkhosa."

"Kafunseni alangizi," anatero Tabita.

Alangiziwo anali atasamutsidwa kalekale, ndipo foni yawo sinkagwira. Za chipatala, kapena za madzi a pachitsime amene amayi onsewo ankamwa, palibe anafunsa. N'zowawa kunena kuti ena mwa okuwa kwambiri anali anzake a Tabita a kumvano.

Nkhosa anazipha tsiku lomwelo, zazikulu ndi tiana tomwe. Anthu amene ankati nyamayo ndi ya ufiti anaigawana bwinobwino, mpaka matumbo. Tabita anamanga kamtolo n'kutsika wapansi kulowera ku Madisi kwa mchemwali wake, osatembenuka.

Mudzi unapuma masabata atatu. Kenako mwana wamkazi wa Obadiya, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, anayamba kutaya magazi ali kumunda. Madzulo ake anthu anasonkhana pakhomo pa Obadiya. Khola la Tabita linali pululu, nyumba yake itagwa denga. Panalibenso womuloza chala, ndiye anayamba kuyang'anana okhaokha.