Mugwire Ine

Dzuwa litapendeka, mayi wosoka zovala adakhala kuseri kwa nyumba akutsuka mbale. Atatha mbale adayamba kutsuka chala chake chachikulu. Adachipaka sopo, adachikwecha ndi mchenga, adayesa ndimu ndi parafini, koma inki idangoti bii. Padali patatha milungu iwiri chidindireni chalacho kukhoti.

Adadinda chifukwa cha mlongo wake, mlonda wa pachigayo, amene khoti lidampeza wolakwa pa mlandu wopha mwini chigayo n'kumpatsa zaka makumi awiri. Loya adachita apilo, n'kupempha belo kuti munthuyo adikire chigamulo ali kunja. Jaji adavomera, koma adafuna wachibale woti akhale chikole. Abale onse adayang'ana pansi ngati ataya singano. Mayi wosoka ndiye adaimirira. Mayiyu ndiye adalera mlondayo yekha makolo atamwalira, ndipo adasiya sukulu asanadziwe kulemba dzina lake kuti mlongo wakeyo aphunzire.

"Akathawa tigwira inu, mayi. Mwamva?" kalaliki adafunsa.

"Ndamva. Chilichonse angachite, mugwire ine."

"Bwerezani, achemwali, amve bwino," adatero mlonda. Mayiyo adabwereza, mlongo wake atamgwira dzanja n'kulitsogolera pa inki. Khoti lidafunsa za kuthawa kokha. Zinazo adawonjezera yekha, chifukwa cha chikondi.

Mwamuna wake, kalipentala, sadasangalale. Iye adali mmodzi wa mboni zitatu, ndiye adaona mlamu wake akuchapa malaya a magazi pamjigo. Ndipo loya adali atanena kuti mlandu ukhoza kuzengedwanso, mboni zonse n'kuitanidwanso.

"Ine ndidanena zomwe ndidaona," adatero. "Iwe wamubweretsa kuti tizisamba naye m'manja m'beseni limodzi?"

"Chibale ndi fupa, bambo, sichiola."

Zoona, sichiola. Koma fupa lomwelo ndi limene limaima pakhosi.

Lamulo la belo lidali lakuti Lachisanu lililonse mlonda azikasaina kupolisi. Ankapita atatchena, nsapato zikuwala. Lachisanu lachitatu, dzuwa likuswa mtengo, anthu adamva kugunda kumodzi padenga la wogulitsa makala, mboni yoyamba. Di! Monga chidindo chikagwa patebulo. M'mudzi monse mudamveka fungo la inki, lowawa kukhosi, agalu n'kulowa kunsi kwa ngolo. Wamakala adampeza atagwa pambali pa njinga yake, pakhosi pali chidindo cha chala.

Nthawi imeneyo mayi wosoka adali atagona pamakina, phazi lili pachopondera. Tulo take tidali tolemera ngati ta munthu womwa mankhwala. Podzuka adapeza chala chili chonyowa, nsalu ya eni ake imene ankasoka itadetsedwa ndi makala. Adaichapa msanga, osauza munthu.

Ufiti umene anthu amaudziwa umadikira mdima. Uwu unkayenda masana, ndipo ndi chimene chidaopsa kwambiri. Aliyense adaganizira mlonda, koma wapolisi adaonetsa buku: ola lomwelo munthuyo adali pabenchi yawo, akuseka nawo.

Lachisanu lotsatira idali mboni yachiwiri, mayi wogulitsa tiyi pafupi ndi chigayo. Amayi osambitsa maliro adachiona chidindo chija, adachipukuta, sichidachoke. Pamaliro mmodzi wa iwo adayang'anitsitsa dzanja la mayi wosoka, n'kusendeza mkeka wake.

"Mwachiona chala chija?"

"Khalani chete, atimva."

Kuyambira tsikulo palibe adabweretsanso chovala, ngakhale chong'ambika pathumba.

Lachinayi madzulo mayiyo adampeza mlongo wake pakhonde akupukuta nsapato.

"Iwe, wandichita chiyani?"

"Ine? Lachisanu ndimakhala kupolisi, achemwali. Buku lilipo. Kaya inu mumakhala kuti."

"Ndidakulera ine. Ndidakubereka kumsana kuno."

"Mudandilera, eya. Ndiye mundisiye panjira? Kwatsala mmodzi yekha basi."

Adanena izi osakweza mutu, akuuzira nsapato mpweya. Mayiyo mantha adali nawo, koma chidamuwawa koposa ndi kukumbukira dzanja lija kukhoti, mmene lidamgwirira mofatsa. Iye ankayesa kuti mlongo wake akuthokoza.

Adamuuza zonse mwamuna wake, n'kumpempha kuti athawe. Kalipentala adapukusa mutu.

"Ndithawire kuti? Chinthu chikugona nane pabedi limodzi. Pita kukhoti ukafufutitse pepala udadinda lija."

M'mawa wa Lachisanu adakwera basi yoyamba. Adaganiza kuti akakhala kutali, ali maso, chalacho sichifika. M'thumba adatenga singano, ndipo tulo tikayandikira ankadzibaya pantchafu. Kukhoti adapeza mzere wautali. Adakhala pabenchi ya m'khonde, kukutentha, ntchentche ikuzungulira pawindo. Adadzibaya kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka siketi idachita madontho. Kenaka singano idagwa pansi. Adawerama kuti aitole, mutu n'kutsamira khoma pang'ono chabe.

Di!

Adadzidzimuka. Adali kalaliki, akudinda pepala la munthu wina.

"Mayi, ndi nthawi yanu. Mwati mukufuna kusiya chikole? Zimenezo mubwere naye mwini wake, jaji amve mbali zonse. Bwerani Lolemba."

Mayiyo ankangoyang'ana chala chake. Chidali chonyowa, inki ikutsikira m'chikhatho, ndipo pansonga padali patakakamira utuchi wa matabwa.

Adafika kumudzi dzuwa likulowa. Anthu adali atadzaza pabwalo, koma atamuona adapatuka, kumsiyira njira yaikulu kuposa imene munthu mmodzi amafuna. Kalipentala adali chigonere pakati pa zopala za matabwa, pensulo ikadali kukhutu. Pakhosi pake padali chidindo chimene mkazi wake adachidziwa popanda kuyandikira.

Amene ankalira kuposa onse adali mlonda. Adabwera ndi wapolisi wa buku uja, amene adamperekeza atamva za maliro a mlamu wake. Ankadzigwetsa pansi, koma mosamala, kuti nsapato zisade.

"Bwana," adatero akusisima, "zikundiwawa, ndi mchemwali wanga, ndiye adandilera. Koma taonani dzanja lawo lamanja."

Mayi wosoka sadalibise dzanjalo. Adayang'ana mlongo wake, kufunafuna mwana uja ankamugawira chakudya chake iye n'kugona ndi njala. Sadampeze. Wapolisi atatulutsa unyolo, mlonda adasendera pafupi ngati akutsanzika, n'kumgwira dzanja mofatsa monga tsiku lija.

"Musandiyang'ane choncho, achemwali," adanong'ona. "Ine sindidakupempheni. Mudanena nokha, kawiri."