Kansomba ka Agogo a Firmino

Benedita anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kunyumba ankangomuitana kuti Dita. Ankakhala mumzinda wa Lisboa, kumunsi, pafupi ndi mtsinje.

Dita ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona kansomba ka agogo ake.

Sikanali kansomba ka mumtsinje. Sikanali kansomba ka m'mbale. Kanali kansomba ka miyala.

Kale, agogo a Firmino ankayala miyala m'misewu. Ankakhala pa kampando kakafupi, kanyundo kali m'manja. Ankasema mwala woyera. Ankasema mwala wakuda. Go, go, go! Mwala uliwonse unkalowa pamalo pake.

Anthu oyala miyala ali ndi chizolowezi chawo. Akamaliza ntchito, ena amabisa kachizindikiro pakati pa miyala. Wina amaika nyenyezi. Wina amaika duwa. Agogo a Firmino anaika kansomba. Anakaika pamwamba pa phiri, pafupi ndi linga lakale.

"Agogo, tiyeni tikaone kansomba," anatero Dita.

"Mawondo akukana," anayankha agogo.

"Tiyenda pang'onopang'ono."

"Phiri lija silidziwa pang'onopang'ono, mdzukulu wanga. Komanso anthu anakumba msewu uja. Ankaika mapaipi a madzi. Kansomba kanapita ndi wilibala."

"Munaona inuyo?"

"Sindinaone. Ndinangomva."

Agogo anangoyang'ana pawindo mwachisoni. Dita sankakonda kuona agogo ali choncho.

Dita anali ndi azakhali, dzina lawo a Odete. Iwo anali mwana wamkazi wa agogo a Firmino. Azakhali ankayendetsa tukutuku yobiriwira, ya mateyala atatu. Tsiku ndi tsiku ankanyamula alendo. Ankawaonetsa matchalitchi. Ankawaonetsa linga. Ankawaonetsa mtsinje.

Dita anapita kwa azakhali.

"Azakhali, tukutuku yanu imakwera phiri?"

"Imakwera ngati mbuzi."

"Ingawanyamule agogo?"

Azakhali anaseka. "Bambo anga amenewo? Zaka zisanu ndakhala ndikuwaitana. Sanakwerepo n'kamodzi komwe. Ukawanyengerera iweyo, Lolemba m'mawa ndibwera."

Lolemba m'mawa tukutuku inaima pakhomo. Pi, pi!

Agogo anasuzumira pawindo.

"Ayi," anatero agogo. "Chimenecho ndi cha alendo. Ine ndinabadwira muno."

Dita anabweretsa nsapato za agogo.

"Ayi," anatero agogo.

Dita anabweretsa ndodo ya agogo.

"Ayi," anatero agogo.

Dita anabweretsa chipewa cha agogo. Kenako anafunsa, "Agogo, pamwamba paja munapitako liti?"

Agogo anawerenga zala. "Papita zaka zinayi."

"Ine sindinakaonepo kansomba," anatero Dita. "Ndine mlendo. Mlendo wamng'ono sayenda yekha. Ndiperekezeni."

Agogo anamuyang'ana. Anamuyang'ananso. Kenako anavala chipewa.

"Iwe uli ngati azakhali ako," anatero. "Pakamwa pako sipatopa."

Azakhali anagwira agogo dzanja lamanja. Dita anagwira dzanja lamanzere. Agogo anakwera. Anakhala kumbuyo, ndodo ili pakati pa mawondo.

"Mwakhala bwino, bambo?" anafunsa azakhali.

"Ndakhala ngati thumba la mbatata. Tiye."

Tukutuku inanyamuka. Gudu, gudu, gudu!

Anafika pa tchalitchi chachikulu. Azakhali anakonza kukhosi. Analankhula ndi mawu awo a ku ntchito.

"Alendo olemekezeka, yang'anani kumanja. Tchalitchi ichi n'chakale kwambiri."

"Ndikuchidziwa," anatero agogo. "Unabatizidwira momwemo. Unalira mpaka wansembe anatseka makutu."

Dita anaseka. Azakhali nawo anaseka.

Kasitima kachikasu ka mumsewu kanadutsa. Nge, nge, nge! Tukutuku inapatuka. Kenako inalowa m'kanjira kopapatiza. Zovala zinali zoyanika pamwamba pawo. Malaya a munthu wina anakhudza chipewa cha agogo.

Gudu, gudu, gudu!

"Wamva kugwedezaku?" anafunsa agogo. "Apa anayala munthu waulesi."

Anakhota. Tukutuku inayenda myaa.

"Nanga apa?" anafunsa Dita.

"Apa ndinayala ine."

Pawindo lina panali mayi wokalamba. Ankathirira maluwa. Ataona tukutuku, anatsitsa magalasi ake a m'maso.

"Firmino! Ndiwe kodi? Wasanduka mlendo? Kamera waisiya kuti?"

Agogo anakokera chipewa kumaso.

"Odete, thamanga," ananong'ona. "Ameneyu ndi Perpetua. Pofika masana phiri lonse likhala litamva."

Koma Dita anaona. Agogo ankamwetulira kunsi kwa chipewa.

Gudu, gudu, gudu! Anakwera. Anakweranso. Madenga ofiira anatsalira pansi. Mtsinje unaoneka waukulu, wonyezimira.

"Alendo olemekezeka, yang'anani m'mwamba," anatero azakhali. "Ilo ndi linga."

"Iwe umangoti m'mwamba, m'mwamba," anatero agogo. "Ife tabwerera za pansi. Ima apa."

Tukutuku inaima pa kabwalo. Agogo anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Apa panali sitolo ya buledi," anatero. "Inali ndi chitseko chobiriwira."

Sitolo ya buledi panalibe. Panali sitolo ya zithunzi ndi zipewa.

"Apo panali wometa tsitsi."

Wometa tsitsi panalibe. Panali malo omwera khofi, ndi matebulo panja.

Agogo anakanda chibwano. Kenako anaona mpopi wakale wa mwala pakhoma. Madzi ankadontha. Tho, tho, tho.

"Mpopi uja uwu," anatero agogo. "Uwu sunasunthe. Ukachoka pampopi, uyende mapazi khumi molunjika kumtsinje. Kansomba kali pa phazi la khumi."

Agogo anaima pampopi. Anayamba kuyenda ndi ndodo yawo. Dita ankawerenga.

"Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi."

Agogo anapuma kaye.

"Asanu," anapitiriza Dita. Anawerenga mpaka khumi.

Onse atatu anayang'ana pansi. Panali miyala yoyera. Panali miyala yoyera yokhayokha.

Dita anagwada. Anafunafuna kumanja. Anafunafuna kumanzere. Kansomba panalibe.

"Ndinakuuza," anatero agogo motsitsa mawu. "Palibe kanthu. Tiyeni kunyumba."

Azakhali anagwira phewa la agogo.

Agogo anatembenuka. Anayamba kubwerera ku tukutuku. Dita anayang'ana miyendo yawo. Phazi lina apa. Phazi lina pompo. Mapazi a agogo anali afupiafupi, ngati a Dita.

"Agogo, imani!"

Agogo anaima.

"Pamene munkaika kansomba, munali ndi ndodo?"

"Ndodo? Ine? Ndinali mnyamata. Phiri ili ndinkalikwera chothamanga."

"Ndiye mapazi anu anali aataliatali!" anatero Dita. "Azakhali, bwerani pampopi. Yendani ngati mnyamata."

Azakhali anaima pampopi. Anatukula mapewa. Anaponya mwendo patali.

"Limodzi!" anafuula Dita. "Awiri! Atatu!"

"Ine sindinkayenda ngati bakha," anatero agogo.

Azakhali anapitirira pomwe agogo anaima paja. Anapitirira ndithu. Phazi la khumi linafika pa tebulo la malo omwera khofi. Pambali pa tebulo panali chimphika chachikulu cha maluwa.

Dita anakwawira pansi pa tebulo. Anaona miyendo ya mipando. Anaona nyenyeswa za buledi. Kenako anaona timiyala titatu takuda, titasuzumira kunsi kwa chimphika.

"Mchira!" anakuwa Dita. "Ndaona mchira!"

Mwini malowo anatuluka. Anali bambo wandevu, nsalu ili paphewa.

"Mchira wa chiyani, mwana iwe? Khoswe?"

"Wa nsomba, bambo. Chonde tisunthireni chimphikachi."

"Nsomba pansi pa maluwa anga?"

"Agogo anga ndi amene anaiyala."

Bamboyo anayang'ana manja a agogo. Anali manja aakulu, okhakhala. Bamboyo sanafunsenso. Anagwira chimphika mbali ina. Azakhali anagwira mbali ina. Anakoka. Khwee!

Dita anasesa dothi ndi dzanja. Anapemerera. Fuu!

Kansomba kanalipo. Kanali kakuda, kotalika ngati nsapato ya azakhali. Kanali ndi mchira. Kanali ndi diso limodzi loyera.

Agogo anafika pafupi. Anawerama mpaka pomwe mawondo analola. Anayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Kansombaka kakukwera phiri," anatero.

"Bwanji, agogo?"

"Ine ndinakayang'anitsa kumtsinje. Tsopano kakuyang'ana kulinga."

Dita anachita mantha. "Ndiye si kanu?"

"Ndi kanga. Miyala iyi ndinasema ine. Ndikuidziwa umodziumodzi." Agogo anagogoda mchira ndi ndodo. "Anakumbadi pano. Koma amene anayalanso miyala anakapeza. Sanakataye. Anatola mwala uliwonse. Anakabwezera."

"Anali ndani?"

"Sindikumudziwa. Mnzanga wa ntchito, basi." Agogo anagogodanso. Mwala sunagwedere. "Dzanja lake ndi labwino. Koma nsomba sazidziwa."

Bambo wandevu anaseka. Anakoka mpando.

"Khalani, achikulire. Zaka ziwiri ndakhala ndi nsomba pakhomo, osadziwa!"

Anabweretsa khofi wa akuluakulu. Anabweretsa mkaka wa Dita. Anabweretsa timakeke ta mazira, totentha. Onse atatu anakhala. Kansomba kanali pakati pa mapazi awo.

"Agogo," anatero Dita, pakamwa pali keke, "bwanji simunaike nyenyezi?"

Agogo anatakasa khofi. Anatakasanso.

"Agogo ako aakazi, a Deolinda, ankagulitsa nsomba," anatero. "Iwe sunawaone. Anamwalira usanabadwe. Ankakwera phiri ili dengu lili pamutu. Ankatula dengu lawo pompano."

Azakhali anaika kapu pansi.

"Tsiku lina anapeza ndafukula malo awo. Anati, 'Iwe wa miyala, dengu langa ndiliike pati?' Ndinati, 'Mubwere mawa.' Atabwera mawa lake, anapeza kansomba."

"Anati chiyani?" anafunsa Dita.

"Anati n'koonda. Anati nsomba yotere sangaigule munthu." Agogo anamwa khofi pang'ono. "Koma dengu analiika pomwepo. Tsiku ndi tsiku analiika pomwepo."

"Bambo," anatero azakhali, "ine ndimadutsa pano kanayi pa tsiku. Simunandiuzepo."

"Sunandifunse."

Azakhali anapukuta m'maso ndi chala. Agogo anayang'ana kumtsinje. Dita anakankhira keke yomaliza kwa agogo. Agogo anaigawa patatu.

Atamaliza kudya, bambo wandevu analoza chimphika.

"Ichi ndichiika kukhoma," anatero. "Nsomba ipume mpweya."

Tukutuku ina inaima pakabwalo. Munali alendo awiri. Ankajambula linga. Ankajambula madenga. Pansi sanayang'anepo.

Agogo anawayang'ana mpaka anapita. Kenako anatembenukira kwa azakhali.

"Odete."

"Bambo."

"Ukamadutsa pano ndi alendo ako, uziima pang'ono."

"Ndiziwauza chiyani?"

"Zochepa. Uzingoti apa pankaima mayi ako."

Azakhali anagwedeza mutu. Anagwira agogo dzanja lamanja. Dita anagwira dzanja lamanzere. Agogo anaimirira.

Dita anawerama. Anasisita kansomba pamutu.

"Tsala bwino," anatero. "Tibweranso Lolemba."

Anayang'ana agogo kuti amve ngati akana.

Agogo anakonza chipewa chawo.

"Lolemba," anatero agogo. "Koma tidzere njira ina. Kuja kuli Perpetua."